Python: chinenero chochedwa chimene chanyamula ntchito zolemera, ndi kumene chikulowera

Lembani pulogalamu yowonkhetsa manambala kuyambira 1 mpaka 100 miliyoni mu Python, kenako mulembenso yomweyo mu C. Ya C imamaliza ya Python isanapite patali, ndipo pa ntchito ya mtundu umenewu kusiyanako kumafika maulendo makumimakumi. Aliyense wolemba mapulogalamu amazidziwa zimenezi. Komatu mu 2024 GitHub, kumene anthu ambiri padziko amasungako code yawo, inalengeza kuti Python yapitirira JavaScript n'kukhala chinenero chogwiritsidwa ntchito kwambiri kumeneko. Chimene chinaikweza pamenepo ndi ntchito ya AI, yomwe imadya mphamvu ya kompyuta kuposa ntchito zina zonse. Zikutheka bwanji kuti ntchito yofuna liwiro chonchi ipatsidwe kwa chinenero chochedwa?

Nkhani yake ndi yakuti Python sindiyo imanyamula katunduyo. Iyo imangolamula, ndipo onyamula ndi malaibulale, zigawo za code zolembedwa kale zimene pulogalamu imangoziitana, olembedwa mu C, C++, Fortran, ndipo masiku ano Rust. Mukamvetsa mgwirizano wa mbali ziwirizi, mumamvetsanso chifukwa chake Python inakula, chifukwa chake inatsala pang'ono kudzipha yokha mu 2008, ndiponso chifukwa chake kusintha kulikonse kumene kukuchitika lero kukuyenda mochedwa dala.

A Guido van Rossum anayamba kulemba Python mu December 1989 ku CWI, malo ofufuzira masamu ndi sayansi ya makompyuta ku Amsterdam. Asanatero anali atagwira ntchito zaka zingapo pa chinenero china cha pomwepo chotchedwa ABC. ABC chinali chaukhondo, chosavuta kuwerenga, chopangidwira anthu amene si akatswiri a makompyuta. Kulowetsa mizere m'kati posonyeza kuti ndi ya gulu limodzi, komwe lero anthu amati ndi chizindikiro cha Python, kunachokera kumeneko. Koma ABC chinafa, ndipo chimodzi mwa zimene zinachipha n'chakuti chinali chotseka. Munthu wakunja sakanatha kuwonjezerapo kanthu. Zimene anaikamo eni ake ndi zomwezo basi. A Van Rossum anatola phunziro pamenepo. Python yoyamba imene anaitulutsa poyera mu February 1991 inali kale ndi khomo: aliyense ankatha kulemba chigawo chake mu C n'kuchilumikiza, ndipo wogwiritsa ntchito sankaona kusiyana pakati pa chigawocho ndi Python yeniyeni.

Oyamba kulowa pakhomopo mwamphamvu anali asayansi. Mu 1995 a Jim Hugunin, ali wophunzira ku MIT, analemba Numeric, laibulale yosunga manambala ambirimbiri moyandikana mu memory monga imachitira C. M'malo moti Python iyende pa nambala iliyonse payokhapayokha, inkangoti "chulukitsa mndandanda wonsewu ndi 2", ndipo C inkachita zonsezo pakamodzi. Chinenerocho chinapindika kuti chiwalandire anthuwa: kalembedwe kotengera manambala m'mizere ndi m'mipanda, konga a[1:3, 2], kanalowa mu Python chifukwa cha iwo. Patapita zaka gululi linagawikana, ena akugwiritsa ntchito Numeric ena numarray, mpaka a Travis Oliphant anaziphatikiza n'kutulutsa NumPy 1.0 mu 2006. Ndikanafunsidwa chaka chimene tsogolo la Python linakhazikika, ndikanatchula chimenechi, osati chaka cha kutuluka kwa mtundu uliwonse wa chinenerocho. Pamwamba pa manambala osungidwa m'njira imodzi yogwirizana anthu anamangapo kapena kulumikizapo zida zambiri: matplotlib ya a John Hunter yojambulira ma graph, IPython ya a Fernando Pérez yomwe inabala Jupyter mu 2014, pandas imene a Wes McKinney anaiyamba mu 2008 akugwira ntchito pa kampani ya zachuma ya AQR, ndi scikit-learn. Gulu limene linatulutsa chithunzi choyamba cha black hole mu 2019 linagwiritsa ntchito NumPy ndi matplotlib. Choncho pamene Google inatulutsa TensorFlow mu 2015 ndipo PyTorch inatsatira kuchokera ku Facebook, onse awiri malaibulale opangira AI, panalibenso chofunsa. Ofufuza anali kale mu Python, ndipo makampaniwo anangowatsata kumene anali. M'kati mwa PyTorch muli C++ ndi CUDA, njira yoyendetsera masamu olemera pa zipangizo za kampani ya Nvidia. Python ndi chogwirira chabe.

Ku mbali ya mawebusayiti nkhani inali yofanana koma yachidule. Django inabadwira pa nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas n'kutulutsidwa mu 2005, Flask inabwera mu 2010, ndipo Instagram inamangidwa pa Django.

Khomo lija linali ndi mtengo wake, ndipo Python ikulipirabe mpaka pano. Kuti laibulale ya C ilankhulane ndi Python, imagwira za m'mimba mwa CPython, womwe ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa Python imene pafupifupi tonse timagwiritsa ntchito. Imadziwa mmene chinthu chilichonse chimaikidwira mu memory, ndipo imadalira kuti zikhalabe choncho. Malaibulale masauzande akadalira za m'mimbazo, simungazisinthenso mwachisawawa. N'chifukwa chake PyPy, yomwe imayendetsa code ya Python yokhayokha mofulumira maulendo angapo kuposa CPython, sinalande malo ngakhale yakhalapo zaka zambiri: malaibulale a C amayenda movutikira pa iyo. Akatswiri a ku Google anayesanso mu 2009 ndi ntchito yotchedwa Unladen Swallow, ndipo inazilala isanalowe mu CPython. Amene amafunsa kuti "bwanji osangoifulumizitsa?" amaiwala kuti amene anaikweza Python ndi omwewo amene aimanga miyendo.

Tsopano tifike pa bala lalikulu, Python 3.

Python 2, yomwe inatuluka mu October 2000, inali ndi vuto lenileni pa kasungidwe ka mawu. Kompyuta siidziwa zilembo, imadziwa ma byte, ndipo payenera kukhala pangano lonena kuti byte iti ikuimira chilembo chiti. Pangano lakale la ASCII lili ndi malo 128 okha, okwanira Chingelezi. Python 2 inkasunga mawu wamba ngati ma byte, ndipo ikakumana ndi mawu a Unicode, pangano lokhala ndi zilembo za zinenero zambirimbiri, inkayesa kuziphatikiza mwakachetechete poganiza kuti zonse ndi ASCII. Ife amene timalemba Chichewa tili ndi chitsanzo pafupi. Dzina lakuti Malaŵi lili ndi zilembo 6, koma ŵ mulibe mu ASCII, ndipo mu UTF-8, njira yofala yosungira Unicode, amatenga ma byte awiri. Mukafunsa Python 2 kutalika kwa dzinalo imayankha 7. Mukadula mawuwo pa malo olakwika mumang'amba chilembocho pakati. Choopsa kwambiri chinali chakuti pulogalamu inkayenda bwinobwino pa kompyuta ya woilemba ku California, n'kukagwa patapita miyezi pamene munthu wa ku Warsaw, Hanoi kapena Zomba walembamo dzina lake.

Python 3.0, imene inatuluka pa 3 December 2008, inalekanitsa ziwirizi kotheratu: mawu ndi mawu, ma byte ndi ma byte, ndipo ukazisakaniza pulogalamu imaima pomwepo n'kukuuza. Pamenepa ndikuona kuti analondola, ndipo anthu olemba zinenero zosakhala Chingelezi ndi amene anapindula kwambiri. Koma poti khomo losintha linali litatseguka, analowetsamo ndi zina. Mawu akuti print anasanduka function yofuna mabulaketi. Kugawa 7/2, komwe kunkapereka 3, kunayamba kupereka 3.5, kusintha kumene sikufuula koma kumangosintha zotsatira za masamu anu. Mayina a zigawo zambiri anasinthidwa. Code yakale sinkayendanso.

Otsogolera Python ankaganiza kuti anthu adzadutsitsa code yawo m'chida chotchedwa 2to3 kamodzi, basi nkhani yatha. Anaphonya chinthu chimodzi chachikulu. Mwini laibulale sangasamuke tsiku limodzi, chifukwa ena mwa omudalira ali pa 2 ndipo ena ali pa 3, ndiye ayenera kusangalatsa onse ndi code imodzi. Pamenepo zinthu zinamangana: makampani ankadikira malaibulale, eni malaibulale ankadikira kuti pakhale ogwiritsa ntchito okwanira pa Python 3. Komanso wosamuka sankapeza phindu looneka, popeza 3.0 inali yochedwa kuposa 2 pa kuwerenga ndi kulemba mafayilo, ndipo Python 2.7 ya mu 2010 inalandira zabwino zambiri za mu 3. Munthu wanzeru zake akanasamukiranji?

Kumasuka kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kunayamba pamene otsogolera anabwerera m'mbuyo. A Benjamin Peterson analemba kalaibulale kotchedwa six kothandiza code imodzi kuyenda mbali zonse ziwiri. Python 3.3 ya mu 2012 inabwezeretsa kachilembo u patsogolo pa mawu, kamene 3.0 inachotsa popanda chifukwa chomveka, ndipo kanthu kakang'onoko kanapeputsa ntchito ya anthu ambiri. Kenako Python 3 inayamba kukhala ndi zokoma zimene 2 inalibe: async ndi await mu 3.5 ya 2015, chizindikiro cha @ chochulukitsira ma matrix chimene anthu a NumPy anapempha, ndi ma f-string mu 3.6 ya 2016. Tsiku loika Python 2 m'manda linali 2015, koma analisuntha kufika pa 1 January 2020. Django 2.0 ya mu December 2017 inakana Python 2, malaibulale a sayansi anagwirizana kuti nawonso aisiya, Instagram inasamuka, Dropbox inasamutsa mizere yoposa 1 miliyoni ya pulogalamu yake ya pa kompyuta. Apple inachotsa Python 2.7 mu macOS mu 2022. Kuwerenga kuchokera 2008, ndi zaka zoposa khumi zimene anthu odzipereka anathera nthawi yawo yamadzulo akukonza zinthu zimene sizinali zowonongeka.

Chilichonse chimene Python yachita kuchokera pamenepo chili ndi chipsera cha nthawi imeneyo. A Van Rossum ananena mu 2021 kuti mwina Python 4 sidzakhalako n'komwe. Type hints, njira yolembera kuti function iyi imalandira nambala n'kubweza mawu, inalowa mu 2015 ngati chinthu chosakakamiza: ofuna amalemba, osafuna amasiya, ndipo Python ikamayenda siiyang'ana n'komwe. Zida zapadera monga mypy ndi Pyright ndi zimene zimafufuza. Popanda kukakamiza aliyense, lero makampani aakulu ambiri salemba Python yopanda ma type, ndipo FastAPI inamangidwa pa iwo. Kuchotsa zinthu zakale nakonso kumachitika pochenjeza kaye: zigawo 19 zachikale monga cgi ndi telnetlib zinalengezedwa mu 3.11 kuti zikupita, n'kuchotsedwa mu 3.13 patapita zaka ziwiri.

Ulamuliro nawo unasintha. Kwa zaka pafupifupi 30 mawu omaliza anali a Van Rossum, amene anzawo ankawatcha BDFL, kutanthauza wolamulira wamuyaya koma wokoma mtima. Mu 2018 panabuka mkangano woopsa pa zolowetsa mu Python kachizindikiro katsopano ka := ndipo atatopa ndi kunyozedwa, pa 12 July anatula pansi udindo osasankha wolowa m'malo. Olemba CPython anavota n'kukhazikitsa Steering Council, komiti ya anthu asanu yosankhidwa chaka ndi chaka. Kuyambira 3.9 mtundu watsopano umatuluka October aliyense ndipo umasamalidwa zaka zisanu.

Mbali imene yazunza anthu wamba kwambiri si chinenerocho ayi, koma kaikidwe ka maphukusi, omwe ndi malaibulale okonzedwa kuti atsitsidwe n'kuikidwa pa kompyuta. Aliyense amene anaphunzitsapo Python akudziwa kuti tsiku loyamba limathera pa kulimbana ndi pip, chida choikira maphukusi, osati pa kulemba code. Mbiri yake ndi ya zigamba: distutils, kenako PyPI, nkhokwe ya maphukusi ya pa intaneti, mu 2003, setuptools mu 2004, virtualenv mu 2007, pip ya a Ian Bicking mu 2008. Gwero la vutoli ndi khomo la C lomwe lija. Phukusi lokhala ndi C liyenera kumangidwa mosiyana pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo kale ntchito yomangayo inkachitikira pa kompyuta yanu, yomwe nthawi zambiri inalibe zida zake. Asayansi atatopa anapanga conda mu 2012. Chaka chomwecho kunabwera wheel, phukusi lomangidwa kale longotsitsa n'kuika, ndipo mu 2016 kunabwera pyproject.toml, fayilo imodzi yofotokoza mmene pulojekiti imamangidwira. Zinthu zinakhalako bwino, ngakhale kuti ma wheel a AI ndi olemera zedi. PyTorch yokhala ndi CUDA imatsitsa ma gigabyte, ndipo wogula intaneti ya bando amazimva m'thumba.

Mu February 2024 kampani yaing'ono ya Astral inatulutsa uv, chida chimodzi chogwira ntchito ya pip, virtualenv ndi zina, mofulumira kwambiri moti anthu ambiri anasamukirako mwa kufuna kwawo. Chinalembedwa mu Rust, monganso Ruff, chida cha kampani yomweyo chofufuza zolakwika mu code. Polars, yomwe ikupikisana ndi pandas, ndi ya Rust. M'kati mwa Pydantic 2 ya mu 2023 ndi mwa Rust. Ena amaona zimenezi ngati chizindikiro chakuti Python ikutha mphamvu. Ine ndikuona mwambo womwe uja wa Numeric: pamwamba pofewa, pansi polimba, kungoti wapansiyo wasintha kuchoka pa C kupita ku chinenero chimene chimateteza bwino memory. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Chida chimene anthu mamiliyoni akudalira tsiku lililonse chinamangidwa ndi kampani ya ndalama za oika chuma, ndipo oika chuma amadzafuna phindu lawo. Code ya uv ndi yotseguka, zoona, koma chitetezo chenicheni chili m'mapangano olembedwa amene chida chilichonse chingatsatire. Ndiye chifukwa chake PEP 751 ya mu 2025 (PEP ndi chikalata chofotokoza kusintha kofunika kuchitika mu Python), yokhazikitsa fayilo ya pylock.toml yolemba ndendende maphukusi amene pulojekiti ikudalira, ndi yofunika kuposa mmene imamvekera. Fayiloyo ikakhala ya onse, mutha kusiya chida chimodzi n'kutenga china osataya kanthu.

PyPI payokha ili ndi mapulojekiti oposa 500,000, ndipo aliyense atha kuikapo lake. Akuba anazindikira zimenezi kalekale. Mu May 2022 phukusi lotchedwa ctx linalandidwa munthu wina atagula domain ya imelo ya mwini wake imene inali itatha nthawi, n'kuikamo code yoba zinsinsi. Mu December 2022 wina anaika pa PyPI phukusi loipa lotchedwa torchtriton, dzina lofanana ndi limene PyTorch yoyesera inkadalira, ndipo pip inkatenga loipalo. Kuyambira pa 1 January 2024 aliyense woika phukusi pa PyPI ayenera kutsimikizira kuti ndi iyeyo m'njira ziwiri. Koma anthu olembedwa ntchito yolondera zonsezi ndi owerengeka. Python Software Foundation, bungwe lokhazikitsidwa mu 2001 limene limayang'anira PyPI, limayendera ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni pachaka, ndipo katundu wotumiza maphukusiwo padziko lonse amanyamulidwa mwaulere ndi kampani ya Fastly. Mu October 2025 bungweli linabweza pempho lake la madola 1.5 miliyoni ku National Science Foundation ya boma la America, ndalama zimene zikanalimbitsa chitetezo cha PyPI, chifukwa panali lamulo loti lisachite ntchito zolimbikitsa kuti anthu a mitundu yosiyanasiyana atenge nawo mbali. Ndikuona kuti anachita bwino. Ntchito zimenezo ndi zomwe zathandiza misonkhano yonga PyCon Africa, umene unayamba ku Accra mu 2019 motsogozedwa ndi a Marlene Mhangami a ku Zimbabwe. Koma n'zomvetsa chisoni kuti makampani amene apeza mabiliyoni kudzera mu AI yolembedwa pa Python anasiya bungweli kufika posankha pakati pa chitetezo ndi chikhalidwe chake chifukwa cha ndalama yochepa chonchi.

Nkhani ya liwiro ilinso ndi fungo lomwelo. A Van Rossum analowa ku Microsoft mu November 2020, ndipo kumeneko kunakhazikitsidwa gulu lofulumizitsa CPython potsatira dongosolo la a Mark Shannon. Njira yawo inali yochenjera: CPython imayang'ana code ikamayenda, ndipo ikaona kuti pamalo pena nthawi zonse pamawonkhetsedwa manambala athunthu, imasinthapo n'kuikapo lamulo lachidule la manambala okhaokha. Python 3.11 ya mu October 2022 inafulumira pafupifupi 25 peresenti kuposa 3.10, popanda aliyense kusintha mzere wa code yake. Mu 3.13 munalowa JIT yoyesera, yosandutsa code yoyenda kawirikawiri kukhala malamulo a makina, koma phindu lake likadali lochepa ndipo imakhala yozimitsa pokhapokha mutaiyatsa. Mu May 2025 Microsoft inachotsa ntchito ambiri a m'gululo. Ntchitoyo ikupitirira m'manja mwa otsala ndi odzipereka, pa liwiro la anthu amene ali ndi ntchito zina masana.

Kusintha kwakukulu kumene kuli m'njira ndi kwa GIL, loko ya m'kati mwa CPython, ndipo apa m'pofunika kufatsa.

Chinthu chilichonse mu CPython, kaya nambala, mawu kapena mndandanda, chili ndi kawerengero kosonyeza malo angati mu pulogalamu amene akuchigwiritsa ntchito. Wina akachigwira kawerengeroko kamakwera ndi 1, akachisiya kamatsika, ndipo kakafika pa 0 chinthucho chimafufutidwa mu memory. Njirayi ndi yosavuta, ndipo ndi imodzi mwa zimene zinapangitsa kulemba malaibulale a C kukhala kopepuka. Vuto limabwera pulogalamu ikakhala ndi ma thread, tinjira tingapo toyenda nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti kawerengero kali pa 1 ndipo ma thread awiri agwira chinthucho pa kamphindi kamodzi. Onse awerenga 1, onse alemba 2, pamene yankho loona ndi 3. Mtsogolo kawerengeroko kadzafika pa 0 wina akadachigwiritsabe ntchito, chinthucho chidzafufutidwa, ndipo pulogalamu idzagwa pamalo osagwirizana n'komwe ndi pamene cholakwikacho chinachitikira.

Yankho la mu 1992 linali loko imodzi yaikulu, Global Interpreter Lock: thread imodzi yokha ndiyo ingayendetse code ya Python pa nthawi. Zili ngati mjigo: anthu angabwere khumi ndi zidebe zawo, koma chogwirira n'chimodzi, ndipo wopopa ndi mmodzi. Amene wasenza madzi kupita kunyumba wasiya chogwirira, ndiye mnzake amapopa. N'chifukwa chake ma thread amathandizabe pa ntchito zodikira, monga kutsitsa zinthu pa intaneti, pakuti wodikira amamasula loko. NumPy nayo imamasula lokoyo ikalowa m'masamu aatali a C. Koma ntchito ikakhala yowerengetsa mu Python yeniyeni, kuchuluka kwa anthu pamzere sikuchulukitsa madzi. Mu 1992 zinalibe kanthu chifukwa makompyuta ambiri anali ndi core imodzi, kachigawo kamene kamayendetsa malamulo a pulogalamu. Lero laputopu wamba ili ndi ma core 8 kapena kuposa, ndipo pulogalamu ya Python imatha kugwiritsa ntchito imodzi ena onse ali chikhalire. Njira yozembera yakhala kuyambitsa ma process angapo, kutanthauza mapulogalamu oyenda paokhapaokha, aliyense ndi Python yakeyake, koma pamenepo memory imadyeka kwambiri ndipo kupatsirana deta kumakhala kodula.

Anthu ayesa kuchotsa lokoyi kangapo. A Greg Stein anayesa mu 1996 pa Python 1.4, zinatheka, koma pulogalamu ya thread imodzi inachedwa pafupifupi kawiri. Mu 2007 a Van Rossum anaika lamulo lomveka bwino: adzalandira kusinthaku pokhapokha ngati mapulogalamu a thread imodzi sachedwa. A Larry Hastings anayesanso mu 2016 n'kugunda khoma lomwelo, chifukwa kuteteza kawerengero kalikonse payokha kumachititsa ma core kumangolimbirana. Amene anathyola khomalo ndi a Sam Gross a ku Meta, mu 2021. Anaona kuti zinthu zambiri zimagwiridwa ndi thread imodzi yokha, imene inazipanga. Choncho chinthu chilichonse chikhale ndi timawerengero tiwiri: kena ka mwini wake, kofulumira kosafuna chitetezo, ndi kena ka alendo, kochedwerako koma kotetezedwa. Zinthu zogwiridwa ndi aliyense monga None ndi True zikhale zosafa, zosawerengedwa n'komwe. Mndandanda uliwonse ndi dictionary iliyonse zikhale ndi kaloko kakekake m'malo mwa loko imodzi ya onse.

Steering Council inavomereza dongosololi, PEP 703, mu 2023, ndipo mmene inavomerezera m'pamene chipsera cha 2008 chikuonekera poyera. Inanena mosabisa kuti sikufuna kubwereza nkhani ya Python 3, kuti kusinthaku kuyenda m'magawo, ndipo kuti zikavuta idzabweza zonse m'mbuyo. Gawo loyamba linali 3.13 ya mu October 2024: Python yopanda GIL inatuluka padera, yodziwika ndi chilembo t kumapeto kwa dzina lake, ili yoyesera, ndipo inkachedwa pafupifupi 40 peresenti pa code ya thread imodzi. Mu 3.14 ya pa 7 October 2025 kuchedwako kunatsika kufika pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ndipo inalengezedwa kuti ndi yosamalidwa mwalamulo, ngakhale kuti yokhala ndi GIL ndiyo imene mumalandirabe mukangotsitsa Python. Anaikamonso chitetezo china: mukalowetsa laibulale ya C imene sinanene kuti ndi yokonzeka, Python imayatsanso GIL yokha n'kukuchenjezani. Palibe chimene chimathyoka, mumangobwerera pamene munali. Mu 3.14 yomweyo muli njira yachiwiri yofikira ma core ambiri, yoyendetsa ma interpreter angapo, omwe ndi oyendetsa code ya Python, mu process imodzi, aliyense ndi GIL yake.

Gawo lachitatu, loti yopanda GIL ikhale ya aliyense, lilibe tsiku, ndipo silidzagamulidwa ndi luso la olemba CPython. Kwa zaka zoposa 30 olemba malaibulale a C akhala akudalira GIL, ambiri osadziwa n'komwe kuti akuidalira. Amasunga zinthu m'malo a onse, amasintha deta poganiza kuti palibe wina angaigwire pakati pa mzere uwu ndi wotsatira. Lokoyo ikachoka, malo onsewo ayenera kufufuzidwa limodzilimodzi, ndipo zolakwika za ma thread n'zoipa chifukwa zimaoneka kamodzi pa maulendo masauzande. Malaibulale aakulu monga NumPy, SciPy ndi pandas ali kale ndi ma wheel a Python yopanda GIL, chifukwa pali makampani amene analipira anthu kuti agwire ntchitoyo. Otsala ndi maphukusi apakatikati, osamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, amene pulojekiti iliyonse yeniyeni imadalira angapo a iwo, ndipo limodzi lokha losakonzeka limakwanira kuyatsanso GIL pa pulogalamu yonse. Ngati mukufuna kudziwa pamene pulojekiti yanu ili, tsegulani tsamba la phukusi lililonse la C kapena Rust limene mumadalira pa PyPI, muone ngati pa mafayilo ake pali wheel yolembedwa cp314t.